Ng'ombe kwa mfumu, magazi kwa jaji

Nthalire ili kumwera kwa boma la Chitipa, kuseri kwa mapiri a Nyika, moyandikana ndi malire a Zambia. Anthu ambiri kumeneko ndi oyankhula Chitumbuka. Amalima chimanga, nyemba ndi fodya, ndipo mwini khola la ng'ombe mawu ake amamveka pamudzi. Ukwati wa kumeneko ndi wolowola: akuchimuna amapereka chuma kwa makolo a mkazi, mkazi amakakhala kwa mwamuna, ana n'kukhala a bambo awo. Mkazi wolowoledwa akafa imfa yokayikitsa pakhomo pa mwamuna wake, pamabuka milandu iwiri. Woyamba ndi wa ng'ombe, ndipo umakambidwa pamaso pa mfumu, nthawi zina mtembo udakali m'nyumba. Wachiwiri ndi wa magazi, ndipo umadikira jaji wa khoti lalikulu, mwina chaka, mwina zaka. Makedzana milandu iwiriyi inali mlandu umodzi, pabwalo limodzi. Inapatukana pang'onopang'ono, ndipo amene anapwetekedwa ndi kupatukanako ndi mkazi.

Makasu asanasanduke ng'ombe

Olemba mbiri ya Atumbuka, kuyambira m'busa T. Cullen Young wa mishoni ya Livingstonia kufikira Leroy Vail, anapeza kuti kale mabanja ambiri a mtunduwu, makamaka a kumwera, ankatsata mbumba ya kuchikazi monga Achewa. Mnyamata akafunsira mbeta ankapita kukakhala kwa apongozi, kulima munda wawo ndi kuwamangira nkhokwe mpaka amuone kuti ndi munthu. Zoperekedwa zinali zochepa: khasu, mikanda, nsalu, mwina nkhuku. Makasuwo ankasulidwa ndi Aphoka a m'mapiri a Nyika, amene ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi. Nsalu ndi mikanda zinachuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene amalonda a minyanga otchedwa Balowoka anawoloka nyanja n'kukhazikika ku Nkhamanga, kumene kunayambira ufumu wa Chikulamayembe.

Koma dera la Nthalire lili pamphambano. Kumpoto kwake kuli Alambya, Anyiha ndi Angonde, mitundu yotsata kuchimuna kuyambira kale, ndipo Angonde a kuchigwa cha Karonga anali otchuka pa kuweta ng'ombe. Kumwera kunadzafika Angoni. Zwangendaba anawoloka Zambezi ndi anthu ake mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana, ndipo anakafera ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mwana wake M'mbelwa anabwerera chakumwera n'kukhazikika pakati pa Atumbuka cha m'ma 1855. Angoni anabwera ndi zishango, ng'ombe ndi lobola. Mwambo wa ogonjetsa unafalikira, ndipo mibadwo iwiri itatu isanathe, ukwati wa Chitumbuka unali utatembenuka: mkazi ndiye ankasamuka, ng'ombe n'kulowa m'khola la bambo ake.

Malowolo sankaperekedwa mwachisawawa, ndipo mpaka lero ali ndi dongosolo lake. Akuchimuna sayankhula okha ndi apongozi. Amatuma mkhalapakati, amene kumeneko amati thenga. Iye amakhala pansi mwaulemu, kumvetsera chiwerengero cha ng'ombe chimene akuchikazi atchula, kutuluka panja kukanong'onezana ndi omutuma, kubweranso kudzapempha kuti achotseko. Kawirikawiri chuma sichitha tsiku limodzi. Zina zimaperekedwa, zina zimatsala ngongole, ndipo akuluakulu amati ngongole yotsalayo ndiyo imasunga ulemu wa mkamwini kwa apongozi ake. Thenga amasunga zonse m'mutu: yaikazi ija yamawanga inapita chaka chakuti, kamthena kaja kanafera m'njira, ziwiri zikadalipo.

Monica Wilson, amene anakhala pakati pa Anyakyusa ndi Angonde m'zaka za m'ma 1930, anafotokoza bwino mmene ng'ombe zoterezi zinkayendera. Sizinkakhalitsa m'khola limodzi. Ng'ombe zobwera chifukwa cha mwana wamkazi zinkatuluka kukalowolera mchimwene wake. Choncho ukwati wa mlongo ndiwo unkagwiriziza ukwati wa mchimwene. Mlongo akati wathawa nkhanza, mwamuna wake ankaitanitsa ng'ombe zake, ndipo ng'ombezo zinali kale m'mudzi wachitatu. Apa ndi pamene pamachokera mawu amene atsikana ambiri amva kwa amayi awo akabwera kwawo ndi diso lotupa: banja ndi kupirira, bwerera, ng'ombe za eni tizitenga kuti?

Komabe mwambo womwewo unali ndi mbali ina. Mkazi akafera kwa mwamuna, abale ake ankabwera kudzafunsa, ndipo woyankha anali mwamunayo. Anayamba kudwala liti? Uthenga munatumiza liti? Chilonda cha pamutuchi chabwera bwanji? Bwanji mwezi watha anathawira kwathu usiku? Ankhoswe a mbali zonse ankakhalapo, ndipo iwo ankadziwa ndewu iliyonse imene anaweruzapo m'banjamo. Mwamuna akakana, panali mwavi. Akapezeka wolakwa, mtundu wake unkalipa dipo la ng'ombe, katundu, ngakhale munthu. Chilungamo chimenechi sichinali chokoma kwenikweni. Mwavi unkapha osalakwa, ndipo moyo wa mkazi unkawerengedwa monga chuma cha abale ake aamuna. Koma bwalo limene linkakamba za imfa ndi lomwe linkadziwa za ng'ombe, za ngongole ndi za zibakera za zaka zonse.

Atsamunda agawa mlandu pawiri

Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. M'zaka zomwezo mliri wa ng'ombe unasesa makola a kumpoto, ndipo atsamunda anamanga linga la Fort Hill, pamene lero pali boma la Chitipa. Mu 1902 anakhazikitsa khoti lalikulu ku Blantyre, ndipo mu 1911 analetsa mwavi pansi pa lamulo lokhudza za ufiti. Kupha munthu kunasanduka mlandu wolakwira mfumu ya ku England, osatinso banja la malemu. Dipo linachoka, m'malo mwake kunabwera chingwe cha ku ndende ya Zomba. Abale a mkazi, amene kale anali eni mlandu, anasanduka mboni zongoyankha zimene zafunsidwa.

Msonkho wa nyumba unathamangitsa amuna kukafuna ndalama. A ku Chitipa ndi Karonga ankayenda wapansi kupita ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika m'zaka za m'ma 1930, ena ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia, ena ku Joni kudzera ku Wenela. Ndalama inalowa m'malowolo ndipo mtengo unakwera. Mnyamata wobwera ndi sutikesi ndi mapaundi ankadzilowolera yekha osadalira khola la bambo ake. Chuma chikachokera m'thukuta la munthu mmodzi, chimasintha kayankhulidwe. M'malo moti mudzi wathu unatenga mwana wa mudzi wakuti, panayamba kumveka mawu akuti ndinakulipira ndekha. Amuna ena anasanduka matchona, akazi awo n'kutsala omangika: mwamuna kulibe, koma ukwati sungathe chifukwa chobweza palibe.

Mu 1933 boma linapatsa mafumu makhoti ovomerezeka. Milandu imene inadzaza makhotiwa inali ya maukwati, chigololo, kusudzulana ndi kubweza chuma, monga momwe Martin Chanock anasonyezera m'buku lake la 1985 lonena za malamulo ndi miyambo m'Malawi ndi Zambia. Iye anaona kuti zambiri zimene zinalembedwa nthawi imeneyo kuti ndi mwambo wa makolo zinali zofuna za amuna achikulire, amene ankaopa kuti akazi ndi anyamata akuwapulumuka m'manja. Koma makhoti a mafumuwa analetsedwa kukhudza mlandu wakupha. Umenewo unali wa jaji yekha. Kugawikana kunathera pamenepa: mfumu iweruze ng'ombe, jaji aweruze magazi.

Jaji ankagwiritsa ntchito buku la malamulo a milandu limene linayamba kugwira ntchito mu 1930, ndipo ndi lomwe tikugwiritsabe ntchito lero, ngakhale lakonzedwa kangapo. Bukuli limasiyanitsa kupha mwadala ndi kupha mosakonzekera. Limanenanso kuti munthu akapha mnzake mtima utatentha chifukwa choputidwa mwadzidzidzi, asanapeze mpata woti mtima uzizire, mlandu wake utsike kuchoka pa kupha mwadala. Khomo limeneli amuna ambiri opha akazi awo anadutsirapo. Stacey Hynd, amene anawerenga mafayilo a milandu ya kuphana m'banja ku Nyasaland ndi Kenya ya pakati pa 1930 ndi 1956, anapeza kuti nkhani za chigololo, mwano ndi kusamvera kwa mkazi zinkabwerezedwabwerezedwa m'makhoti, ndipo bwanamkubwa ankasintha zilango zambiri zonyonga kukhala ukaidi. Jaji wachizungu ankakhala ndi akuluakulu achikuda omulangiza za mwambo, ndipo onse anali amuna. Mwambo ukalowa m'khoti, kawirikawiri unkalowa kudzafotokoza chimene chinakwiyitsa mwamuna. Funso lakuti n'chiyani chinaletsa mkaziyo kuchoka akadali moyo silinali mbali ya mlandu.

Makhoti a nthawi ya Kamuzu

Mu 1962, ufulu ukuyandikira, makhoti a mafumu anasinthidwa kukhala makhoti a m'madera, ndipo ntchitoyi inatsogoleredwa ndi Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno. Cholinga chinali chakuti woweruza akhale wosiyana ndi wolamulira. Koma mphepo inatembenuka msanga. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Khoti lalikulu litamasula anthu amene anagwidwa koyamba chifukwa chosowa umboni, Dr. Kamuzu Banda anakwiya, nanena kuti malamulo a Angerezi akuteteza zigawenga. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo inapatsa makhoti a makolo mphamvu zoweruza milandu yakupha ndi kupereka chilango chonyonga. Majaji achizungu a khoti lalikulu anatula pansi udindo. Kuyambira 1970, chigawo chilichonse chinali ndi khoti lake la makolo, momwe mafumu ndiwo ankachuluka pampando woweruzira, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya.

Wina angaganize kuti apa magazi anabwerera kwa mafumu ndipo mlandu unalumikizananso. Sizinatero. Makhoti a zigawowa sanali bwalo la ankhoswe ndi abale. Anali makhoti a boma okhala kutali, oweruza mofulumira, ndipo anatchuka kwambiri ndi milandu ya ndale. Ndiwo anaweruza Albert Muwalo, amene ananyongedwa mu 1977, ndiponso Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, amene anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Milandu ya malowolo inatsalabe m'makhoti aang'ono a kumidzi. Mwamuna wopha mkazi wake ankatha kunyongedwa msanga kuposa kale, koma mkazi wofuna kuchoka m'banja la nkhanza ankakumanabe ndi funso lomwe lija la ng'ombe. Anthu omaliza kunyongedwa m'Malawi ananyongedwa mu 1992. Makhoti a zigawo anaimitsidwa mu 1993, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994 anabwezera milandu yakupha ku khoti lalikulu.

Zimene India inachita m'zaka zomwezo

Pamene ife tinkalimbana ndi makhoti a makolo, dziko la India linkalimbana ndi imfa za akazi ongokwatiwa kumene. Kumeneko chuma chimayenda mosemphana ndi kwathu: makolo a mkazi ndiwo amapereka ndalama, golide, njinga yamoto kapena galimoto kwa mwamuna ndi abale ake. Ukwati ukachitika, akuchimuna ena amapitiriza kuitanitsa. Makolo akalephera, mtsikana amazunzidwa, ndipo tsiku lina zimamveka kuti wapsa ndi chitofu cha parafini kapena wadzimangirira. Lamulo loletsa kupereka ndi kulandira chuma chimenechi linakhazikitsidwa mu 1961, koma linangokhala papepala.

Mlandu umodzi wa mumzinda wa Delhi ukusonyeza mmene makhoti ankavutikira. Mu Disembala 1980 mayi wina woyembekezera anapsa kunyumba kwa apongozi ake, ndipo asanamwalire anauza oyandikana nawo nyumba za anthu amene anamuthira parafini. Mu 1983 khoti loyamba linagamula kuti mwamuna wake, apongozi ake aakazi ndi mlamu wake anyongedwe. Chaka chomwecho khoti lalikulu la Delhi linawamasula onse atatu. Magulu a amayi anachita zionetsero n'kukasuma kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo, limene mu 1985 linapeza mwamunayo ndi mayi ake olakwa n'kuwalamula kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Umboni unali womwewo, koma makhoti atatu anatulutsa zigamulo zitatu. Vuto linali lakuti imfa zotere zimachitikira m'nyumba, ndipo mboni zake ndi abale a wopalamulayo.

Aphungu a ku India anachitapo ziwiri. Mu 1983 anakhazikitsa mlandu wa nkhanza zochitidwa kwa mkazi ndi mwamuna kapena abale ake. Mu 1986 anawonjezera gawo 304B m'buku lawo la milandu. Gawoli limati mkazi akafa ndi moto, kuvulazidwa kapena imfa ina yosadziwika bwino zaka 7 za ukwati zisanathe, ndipo pali umboni wakuti chakumapeto kwa moyo wake ankazunzidwa chifukwa cha chuma cha ukwati, mwamuna kapena m'bale wake amene ankamuzunzayo ali ndi mlandu. Chilango chake ndi zaka zosachepera 7, mpaka moyo wonse. Lamulo la umboni linasinthidwanso kuti khoti liyambe ndi kuganiza kuti wozunzayo ndiye anachititsa imfayo, iye ndiye atsutse. Buku latsopano la milandu limene linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2024 linasunga lamuloli monga gawo 80.

Lamuloli silinathetse imfazi. Kaundula wa boma la India amasonyezabe imfa zoposa 6,000 chaka chilichonse, milandu imatenga zaka, ndipo pa milandu itatu yofika kumapeto, pafupifupi umodzi wokha ndi umene umathera pa kumanga munthu. Koma linachita chinthu chimodzi chachikulu. Linalamula jaji kuti asayang'ane usiku wa imfa wokha, ayang'anenso miyezi ya m'mbuyo, ndipo linabwezera kwa mwamuna udindo wofotokoza mmene mkazi wafera pakhomo pake. Udindo umenewu ndi womwe makolo a ku Nthalire ankausenzetsa mkamwini atsamunda asanabwere.

Malamulo a nthawi ya matipate

Chiyambire 1994, Malawi wakhazikitsa malamulo ambiri okhudza amayi. Gawo 22 la malamulo aakulu limati munthu asakakamizidwe kulowa m'banja, ndipo gawo 24 limati miyambo yopondereza amayi ithetsedwe. Apolisi anatsegula maofesi othandiza ozunzidwa. Mu 2006, Joyce Banda ali nduna yoona za amayi, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja, limene limalola wozunzidwa kukatenga chiletso kukhoti. M'nyengo imeneyo nkhani ya mayi wa ku Dowa amene mwamuna wake anamudula manja onse awiri inali pakamwa pa aliyense.

Cha nthawi yomweyo, bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza miyambo ya m'maboma osiyanasiyana n'kuulula poyera za kupimbira, mchitidwe wodziwika ku Karonga ndi Chitipa. Bambo akakongola ng'ombe kapena ndalama n'kulephera kubweza, amapereka mwana wake wamkazi, ngakhale wamng'ono, kwa mwini ngongoleyo. Lamulo loteteza ana la 2010 linaletsa kukwatitsa mwana mokakamiza ndi kumupereka ngati chikole cha ngongole, ndipo chilango chake chimafika zaka 10. Mu 2013 kunabwera lamulo loletsa miyambo yoipa ndi kusalana pakati pa amuna ndi akazi. Mu 2015 lamulo la maukwati linaika zaka 18 monga msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti atseke mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18.

Nawonso malamulo a chilango anasintha. Pa mlandu wa Kafantayeni mu Epulo 2007, khoti linagamula kuti n'kulakwira malamulo aakulu kulamula kuti aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha mwadala anyongedwe basi. Kuyambira pamenepo jaji amamva kaye za moyo wa wolakwayo asanapereke chilango. Mu 2015 makhoti anayamba kumvanso milandu ya akaidi amene anagamulidwa kale kuti aphedwe. Anthu othandiza pa malamulo anayenda m'midzi kufunsa mafumu ndi abale za mbiri ya mkaidi aliyense, ndipo oposa 100 anatuluka m'ndende. Ntchitoyi inasonyeza kuti khoti lalikulu likafuna, limatha kumva mawu a kumudzi.

Pa malamulo onsewa palibe limene limatchula malowolo monga chinthu chimene jaji ayenera kufunsa mkazi akafa. Woimbidwa mlandu amayankha pansi pa gawo 209, la kupha mwadala, kapena gawo 208, la kupha mosakonzekera, ndipo boma ndilo liyenera kubweretsa umboni wosasiya chikayiko.

Ulendo wa mlandu kuchokera ku Nthalire

Kuchoka ku Nthalire kufika pa boma la Chitipa ndi makilomita oposa 100, ndipo nthawi ya dzinja msewu wake umavuta. Khoti lalikulu la chigawo cha kumpoto lili ku Mzuzu. Mtunda umenewu umalowerera pa chilungamo kuyambira tsiku loyamba.

Mayi akapezeka atafa m'mawa, uthenga umapita kwa nyakwawa, kwa apolisi ndi kwa makolo ake. Kumudzi kulibe mosungira mitembo, choncho thupi limapimidwa mofulumira ndi wachipatala amene alipo, chifukwa madokotala odziwa za kupima mitembo ndi owerengeka m'dziko lonse. Akuchimuna akanena kuti wamwa tameki kapena wadzimangirira, ndipo thupi lilibe bala loonekeratu, nkhani imatha kuthera pomwepo. Malamulo athu amalanga wothandiza kapena wolimbikitsa munthu kudzipha, koma kupeza umboni wotero n'kovuta, ndipo zaka za kumenyedwa ndi kunyozedwa sizisanduka zokha mlandu wa imfa.

Nthawi yomweyo, pasiwa, mlandu wa ng'ombe wayamba kale. Akuchikazi afika, akhala paokha pansi pa mtengo, ndipo anena kuti manda sakumbidwa mpaka chuma chotsala chiperekedwe. Thenga akuyenda uku ndi uku. Amayi akulira m'nyumba, adzukulu akudikira ndi makasu, dzuwa likukwera. Pamapeto pake ng'ombe imodzi kapena ziwiri zikokedwa kuchoka m'khola, kapena wachibale wa ku Joni atumiza ndalama pafoni, ndipo maliro aikidwa. Kwa anthu akunja izi zimaoneka ngati umbombo. Kwa eni ake ndi mphamvu yokhayo imene yatsala m'manja mwawo mwa mphamvu zonse zija anali nazo makolo awo. Koma ili ndi mtengo wake. Banja likalandira ng'ombe, ambiri amaona ngati nkhani yatha. Palinso ana, amene ndi a kuchimuna, ndipo agogo akuchikazi safuna kudana ndi mudzi umene ukulera adzukulu awo.

Mwamuna akamangidwa, malamulo amati aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Majisitireti alibe mphamvu yozenga mlandu wakupha, amangoutumiza ku khoti lalikulu. Fayilo imapita ku ofesi ya mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, woimbidwa mlandu n'kukhala pa rimandi kapena kutuluka pa belo. Malamulo a 2010 anaika masiku 90 monga malire osungira woganiziridwa mlandu wakupha mlandu usanayambe, koma milandu yotere yakhala ikuchedwa zaka chifukwa cha kuchepa kwa majaji, maloya ndi ndalama zoyendetsera makhoti m'maboma. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma umboni umawola. Mboni zimasamuka, wapolisi wofufuza amatumizidwa kwina, mwana amene anaona zonse amakula m'nyumba ya abale a bambo ake.

Tsiku la mlandu likafika, zimene zili patebulo la jaji ndi chikalata cha wachipatala, mawu amene woimbidwa mlandu anauza apolisi, ndi mboni ziwiri zitatu zoyankhula kudzera mwa womasulira. Loya wa boma akaona kuti umboni ndi wofooka, amavomera kuti mwamunayo avomere mlandu wocheperapo wa kupha mosakonzekera. Kenaka loya wa woimbidwa mlandu amaimirira kupempha chifundo: ndi koyamba kulakwa, anali ataledzera, wavomera osataya nthawi ya khoti, wakhala kale pa rimandi, ali ndi ana amene mayi awo anamwalira. Mbiri ya mwamuna imamveka yonse. Mbiri ya mkazi, yakuti anathawa katatu ndipo katatu konse anabwezedwa chifukwa cha ng'ombe, ili m'mitu ya ankhoswe ndi thenga, amene kawirikawiri palibe wawaitana.

Chimene chatsala

Malowolo paokha sapha munthu. Mabanja ambiri olowola ku Nthalire, ku Wenya, ku Rumphi ndi ku Mzimba amakhala mwamtendere mpaka ukalamba, ndipo nkhanza za m'banja ziliponso kwa Achewa ndi Alomwe kumene mwamuna ndiye amakhala chikamwini. Chimene chimaika mkazi pangozi ndi lamulo lobweza chuma ukwati ukatha, chifukwa limachititsa bambo ake, achimwene ake ndi alamu ake onse kukhala ndi chifukwa chomubwezera kumene akumenyedwa.

Ku Uganda mfundo imeneyi inafika kukhoti. Bungwe la Mifumi linasumira boma, ndipo mu Ogasiti 2015 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti kupereka chuma cha ukwati n'kololedwa, koma kuitanitsa kuti chibwezedwe banja likatha n'kosemphana ndi malamulo aakulu, chifukwa kumanyoza ntchito yonse imene mkazi wagwira pabanjapo ndiponso kumamutsekera m'ukwati wa nkhanza. Mwambo unatsala, ngongole yokha ndiyo inachotsedwa. Gawo 24 la malamulo athu lili ndi mawu okwanira kuti loya wa m'Malawi akayese mlandu wofanana nawo.

Mafumu nawo ali ndi poyambira. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana pogwiritsa ntchito malamulo a m'dera ndi mphamvu zake pa nyakwawa. Mfumu ya ku Chitipa ingathe kugamula pabwalo lake kuti mwamuna amene mkazi wamuthawa chifukwa chomenyedwa asaitanitse ngakhale mchira wa ng'ombe. Ingathenso kulamula kuti nkhani iliyonse ya nkhanza imene ankhoswe kapena nyakwawa aweruza ilembedwe m'kaundula, ndi tsiku lake. Ndipo wapolisi wofufuza imfa ya mkazi wapabanja sakusowa lamulo latsopano kuti afunse mafunso anayi: anathawapo kangati, anabwezedwa ndi yani, chuma chinaperekedwa chingati, ndipo ndani ananena kuti chibwezedwe. Mayankho ake akalowa m'fayilo, jaji wa ku Mzuzu adzaweruza ukwati wonse m'malo moweruza usiku umodzi, ndipo mwamuna wonena kuti anaputidwa mwadzidzidzi adzayenera kufotokoza maulendo atatu amene mkazi wake anathawa.